Anatumidwa Kukamanga Gwero

Kuli dziko lina, musandifunse njira yake, lotchedwa Sitilakwa. Dzinalo ndi lamulo loyamba la dzikolo: choipa chilichonse chochitika kumeneko chimachokera kunja. Chimfine chimachokera kunja, nankafumbwe amachokera kunja. Ngakhale mwana akalephera mayeso, makolo amayang'ana kumtunda, kumene kuli dziko la Sizathu, n'kupukusa mutu. A ku Sizathu nawo zikawavuta amayang'ana kumunsi. Kumunsi kwenikweni kuli dziko lachitatu, Tazolowera, koma amenewo sayang'ana kwina kulikonse, amangosesa.

Mayiko atatuwa amamwa mtsinje umodzi, Sasankha. Umayambira m'mapiri a ku Sizathu, umadutsa pakati pa Sitilakwa, n'kukatula zonse zimene watola ku Tazolowera. Kale unali mtsinje waulemu. Koma zaka zimene ndikunenazi unayamba mwano. Mvula ikangogwa masiku awiri unkabwera uli psuu, utasenza matope, zitsa, majumbo ndi mbuzi zakufa, n'kulowa mumsika wa Tsitsaniko osanena odi.

Mfumu ya ku Sitilakwa, Ndinanenakale Wachiwiri, inali ndi mankhwala amodzi okha: chipupa cha njerwa zootcha m'mbali mwa mtsinje, kuyambira pamene payambira nyumba ya mfumu mpaka pamene yathera. Madzi akakula, ankawonjezera njerwa. Chaka chotsatira madzi ankakulanso, ndipo nduna zinkati mwaona, chikhala panalibe chipupa tikanatani.

Chaka china madzi anakwera chipupacho, kulowa m'bwalo la mfumu, n'kunyamula mpando umene mfumu inkapumirapo masana. Anakausiya kumsika, pamalo a ogulitsa usipa. Mayi wina anaukhalira tsiku lathunthu asilikali asanabwere, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti ndi wolimba kumsana.

Bwalo linakumana. Nduna ya Madzi ndi Zina Zonyowa, a Pakamwa, inalankhula kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zinayamba kufuna mthunzi. Mfundo yake inali yakuti madziwo anali ofiira, pamene madzi a ku Sitilakwa ndi oyera. Choncho anali madzi achilendo. Mlendo amalowera pachipata. Ndipo pachipata pali mlonda amene ntchito yake ndi kufunsa chiphaso.

Mlondayo anali a Tobiyasi Mkwapatira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anakhala pamlatho wa m'malire, kukweza ndi kutsitsa mtengo wotchinga msewu. Ankakhala m'kanyumba ka boma pomwepo ndi akazi awo Nangondo, amene anadzala mapeyala kuseri, mpiru kumadimba, n'kumanga khola la nkhuku. Kunangotsala zaka ziwiri kuti apume, ndipo analonjezedwa kuti akapuma, nyumbayo idzakhala yawo.

Anawaimika pakati pa bwalo chipewa chili m'manja.

"Madzi amenewa munawaona akulowa?" inafunsa nduna.

"Ndinawaona, bwana. Ndinali padenga."

"Munawafunsa chiphaso?"

"Anali pa changu, bwana."

Chilango chinali chokonzedwa kale. A Mkwapatira ndi akazi awo aikidwe m'bwato lopanda nkhafi, awakankhire kumtsinje, akatsikire ku Tazolowera kumene kumapita zinyalala zonse. Nyumba aipereke kwa wina. Winayo anali mphwawo wa a Pakamwa, ndipo dzulo lake anali atayeza kale mawindo kuti akasoketse makatani.

Kumbuyo kwa bwalo kunkakhala mayi wina wophunzira, Mayi Kanjuchi. Boma linawatumiza kusukulu zakutali, ndipo atabwerako linawapatsa benchi kuti alendo akabwera aziona kuti ku Sitilakwa kuli anthu ophunzira. Tsiku limenelo anaimirira osaitanidwa. Anati mtsinje sudziwa malire. Anati phiri, mitengo, mvula, chipupa ndi anthu a mayiko atatuwo n'zolumikizana ngati ulusi wa juzi, ukakoka pakhosi limasomboka pamkono. Anati kuthamangitsa mlonda sikuchotsa ngakhale chikho chimodzi cha madzi, koma chofunika ndi kupeza gwero la vutolo.

Mfumu inali ikusinza. Inadzidzimuka pa liwu lomalizalo.

"Ndinanena kale. Gwero ameneyu amakhala kuti?"

Mayi Kanjuchi anayesa kufotokoza kuti gwero si munthu, koma nduna zinali zitayamba kuwomba m'manja, ndipo ku Sitilakwa m'manja mukayamba, nzeru imadikira panja. Mfumu inalamula kuti atulutse chingwe chatsopano cha khonje, chachitali, n'kuchipereka kwa a Mkwapatira. Anapatsidwa masabata awiri. Abwere ndi Gwero ali womangidwa. Akabwera chimanjamanja, bwato liwadikira.

Podutsa mumsika ndi chingwe paphewa, anthu anawathandiza ndi malangizo. Wogulitsa makasu anati Gwero akakhala wamkulu thupi amumange miyendo kaye. Mayi wa usipa uja anati akamupeza amufunse za beseni lake limene linapita ndi madzi chaka chatha, la buluu, long'aluka pang'ono m'mbali. Telala wina anafunsa ngati angasungiretu malo oonerera bwatolo, chifukwa iye ndi wamfupi.

Nangondo sanalire. Anawakazingira mtedza, kuwamangira chinangwa chowiritsa, n'kunena kuti chipata atsala akuchiyang'anira okha, popeza zaka zonsezi akhala akuona kuti ntchitoyo ndi yokweza mtengo n'kutsitsa. Anangowapempha kuti akapeza munthu woti ammange, amufunse kaye ngati wadya.

A Mkwapatira anayenda masiku asanu kutsata mtsinje. Mtsinjewo unanka nuchepa, mpaka unasanduka kamfuleni, kenaka kamadzi kotuluka pansi pa mwala, kochepa kuposa chikhatho, koyera bwino. Pamwamba pa mwalawo panali chule. Anthu a kumeneko anawauza kuti gwero la Sasankha ndi limenelo. Poti anali munthu womvera malamulo, anakulunga chingwe pamwalapo n'kukoka. Mwala sunasunthe. Chule naye sanasunthe. Anamasula, kukhala pansi, n'kudya mtedza.

Ali chikhalire anayamba kuyang'ana mapiri. Onse anali mbee ngati mitu yometedwa pamaliro, zitsa zokhazokha, ndi zigwembe zofiira zotsetsereka mpaka kumtsinje. Apo anadziwa kumene madzi aja ankatenga mtundu wawo. Kenaka anamva nkhwangwa. Anatsata phokosolo n'kupeza bambo wina wowonda, dzina lake Jekapu, akugwetsa msuku umene unatsala wokha pachitunda.

"Madala, chingwe chonsecho mwasokoneza ng'ombe?"

A Mkwapatira anafotokoza nkhani yawo, n'kumaliza mwaulemu kuti zikuoneka kuti Gwero ndi iyeyo, apepese.

Jekapu anaseka mpaka anatsamira nkhwangwa. Anati iye mitengo samadya. Amadula chifukwa Lachiwiri lililonse kumabwera lole kudzatenga nkhuni. Anatinso iye si wa ku Sizathu n'komwe, kwawo ndi ku Tazolowera. Anali ndi munda wa mpunga. Koma kuyambira pamene munthu wina wanzeru kumtunda anamanga chipupa, madzi amene kale ankapumira m'madambo amabwera onse nthawi imodzi ngati atuluka mumpopi, ndipo munda wake unakwiririka ndi mchenga wofika m'chiuno. Theka la mudzi wawo lili m'mapiri muno ndi nkhwangwa. Anati atamudziwa womanga chipupayo akanakonda kucheza naye.

A Mkwapatira anakhosomola n'kufunsa ngati wadya. Jekapu anati ayi. Atamva kuti akaidi a kunyumba ya mfumu amadya kawiri patsiku, ndiwo zake zothira mafuta, anakweza yekha manja kuti chingwe chilowe m'chiuno. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti dalaivala wa loleyo amangidwenso.

Lachiwiri lole inabwera. Dalaivala wake, Layitoni, anati iye ndi wonyamula chabe, atapatsidwa maungu anganyamule maungu. Womutuma ndi mayi wootcha njerwa. Sanakane kumangidwa, bola chingwe chidutsire pawindo kuti azitha kupinda chiwongolero. A Mkwapatira ndi Jekapu anakwera pamwamba pa nkhuni.

Lole inatsika mapiri, kukhota, kukhotanso, ndipo a Mkwapatira anayamba kuzindikira mitengo ya m'mbali mwa msewu. Kenaka anaona mlatho, kanyumba, mapeyala. Anaiyang'anitsitsa loleyo, chitseko chomangidwa ndi waya, galasi limodzi. Inali lole yomwe akhala akuitsegulira Lachiwiri lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndi sailuti yomwe, chifukwa pepala lake linali ndi chidindo cha mfumu.

Nangondo anakweza mtengo, kenaka anayang'ana m'mwamba.

"Bambo a Lute, mwayenda masiku asanu wapansi kukakwera galimoto lodutsa pakhomo panu? Gwero lanulo simukanangolidikira mutakhala pampando?"

A Mkwapatira anatsika pang'onopang'ono. Anatenga chingwe, kuyeza mkono umodzi kuchokera pa Layitoni, n'kudzimanga okha m'chiuno. Nangondo anati mfundo imeneyo imasuka panjira, n'kuwamanga bwino.

Lole inakaima kumauvuni a njerwa, kumene utsi sunkazima chaka chonse. Mwini wake, Mayi Tiferanji, anali pamwamba pa uvuni akukalipira anyamata. Anamva nkhaniyo manja ali m'chiuno. Anati iwo nkhuni sazikonda, zimawapweteka maso. Koma chaka chilichonse a Pakamwa amabwera ndi kalata yofuna njerwa zambiri kuposa chaka chatha, ndipo njerwa siziwotchedwa ndi mapemphero. Anavula epuloni, kuvala chitenje chabwino, n'kunena kuti amangidwe mosamala chifukwa nsaluyo ndi yatsopano.

Tsopano pachingwe panali anthu anayi, ndipo chinatsala mikono iwiri. A Mkwapatira anayang'ana mikono iwiriyo. Umodzi unali wa nduna, zimenezo zinali zoonekeratu. Winawo anaudziwa mwini wake. Ku Sitilakwa munthu wonena kuti mfumu yalakwitsa sapatsidwa ngakhale bwato. Koma akangopereka anthu anayiwa, aliyense akanena zimene wanena kale, ndipo Gwero akhala sanapezeke. Anauza akazi awo, amene anawatsatira ndi chakudya, kuti mwina ndi bwino ayambe kugulitsa nkhuku.

Nangondo anati nkhuku sizipita kulikonse. Anawakumbutsa mwambo wa pabwalo: wobweretsa mkaidi amapereka chingwe kwa nduna, nduna imagwira n'kupatsira nsonga kwa mfumu, ndipo mfumu siitaya nsongayo mpaka itagamula mlandu. Ikataya, akaidi onse ndi omasuka ndipo wowabweretsa alibe mlandu.

"Inu pakamwa panu mutseke. Mungopereka chingwe, mwambo uchite ntchito yake."

Tsiku la mlandu msika wonse unatsekedwa, osati ndi lamulo, koma chifukwa panalibe wofuna kumva nkhaniyi kwa mnzake. Anayiwo analowa m'bwalo motsogozana ngati mbuzi za chiwongo. A Mkwapatira anagwada, kupereka chingwe kwa a Pakamwa. A Pakamwa anachigwira monyada, n'kupatsira nsonga kwa mfumu ndi manja awiri. Mfumu inaikulunga padzanja.

"Ndinatuma mmodzi, mwabweretsa gulu. Gwero ndi uti pamenepa?"

"Wawa, ine sukulu inandilaka," anatero a Mkwapatira. "Ndipemphe kuti aliyense angoloza amene amamutuma."

Mfumu inalola. Jekapu analoza Layitoni. Layitoni analoza a Mkwapatira amene amamutsegulira, n'kupitiriza chala kwa Mayi Tiferanji. Mayi Tiferanji analoza a Pakamwa ndi dzanja lonse. Chala cha a Pakamwa chinadzuka chokha, chifukwa chinazolowera kuloza, chinayenda kutsata chingwe, chinafika pafupi ndi chifuwa cha mfumu, n'kukhota msanga kukakanda khutu.

Apo Jekapu, amene sankadziwa malamulo a dzikolo, anati iye sanamalize. Anati womutuma kukadula ndi dalaivala, inde, koma womuthamangitsa kumunda kwake ndi mwini chipupa chili apocho, ndipo akufunsa ndi uti kuti aime naye pafupi. Anthu onse anatembenukira kwa mfumu. Ndipo maso a anthu mazana atatu akayang'ana malo amodzi, ngakhale mlendo amamva. Jekapu anayenda, kukoka anzake, mzere unapindika, mpaka anakaima kumanzere kwa mfumu. Chingwe chinapanga bwalo. Mfumu inali pakati pa wodula mitengo ndi nduna, nsonga ili padzanja.

Mayi wa usipa anakhosomola, n'kupepesa.

"Ndi zimene ndimanena, wawa," anatero Mayi Kanjuchi chapansipansi. "Palibe woyamba, palibe womaliza. Zonse n'zolumikizana."

Mfumu inayang'ana dzanja lake. Kutaya chingwe kunali kuvomera pamaso pa msika wonse kuti mlandu waikanika. Kupitiriza kugwira kunali kuima pamzere wa akaidi. Ndakhala zaka zambiri ndipo anthu akuluakulu sindiwakhulupirira, koma chinthu chimodzi ndimawagonjera: akapanikizika, mutu umene sugwira ntchito pa za anthu umathamanga zodabwitsa pa za mwini wake.

"Iwe wa nkhwangwa, mayi wa njerwayu unkamudziwa kale?"

"Ayi, wawa."

"Amayi inu, mlondayu munadyapo naye mbale imodzi?"

"Mulungu andithandize, ayi."

"Ndiye anthu osadziwana, wina wa kuphiri, wina wa pamsewu, wina wa kuuvuni, chawalumikiza n'chiyani?"

"Chingwe!" anakuwa a Pakamwa ngati munthu wovuulidwa m'chitsime.

"Ndinanena kale," inatero mfumu.

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Gwero la mavuto onse a mtsinje wa Sasankha ndi chingwe cha khonje, chimene chinapezekanso kuti chinagulidwa kunja. Chiikidwe m'bwato lopanda nkhafi, chipite ku Tazolowera. Ndipo pofuna kudula kulumikizana konse kumene chingwecho chinayambitsa, lole ya nkhuni isadutsenso pachipata, mauvuni azimitsidwe, ndipo chipupa, poti chatchulidwa pamlandu, chisawonjezeredwenso ngakhale njerwa imodzi mpaka mbiri yake itayera. Mayi Kanjuchi anatsegula pakamwa kuti akonze pamene mfumu sinamvetse. Nangondo, amene anali atasendera pafupi, anawaponda phazi mwamphamvu, ndipo mayi wophunzirayo anaphunzira chinthu china chimene kusukulu sanamuuze.

Akaidi anamasulidwa nthawi ya chakudya isanakwane. Jekapu anadandaula kwambiri, anati wanamizidwa.

Musaganize kuti mtsinje unalapa. Mitengo simera ndi chidindo. Chaka chotsatira madzi anabweranso mumsika, ndipo adzabwerabe mpaka misuku imene Jekapu ndi anzake akudzala m'mapiri itakula, ngati mbuzi za ku Sizathu zingailole. Mafumu a mayiko atatu aja anakumana pamlatho kusainirana za kudzala mitengoko, ndipo msonkhano unatha masiku anayi chifukwa aliyense ankati nzeruyo ndi yake. A Pakamwa analandira mendulo. Mphwawo anatsala ndi makatani opanda mawindo.

Ntchito yokankha bwato inapatsidwa kwa a Mkwapatira, monga mlonda wa malire wobwezeretsedwa paudindo. Kunabwera ng'oma, asilikali ndi ana a sukulu. Mkaidiyo, chingwe chija, anabwera atakulungidwa m'thumba, monga mwa lamulo, kuti asalumikizenso wina panjira. A Mkwapatira analandira thumbalo kwa akazi awo, amene analisunga m'nyumba kudikira tsikulo, ndipo anamva kuti lapepuka. Anasuzumira. Munali luzi lakale lowola limene linkamanga chitseko cha khola la nkhuku. Anayang'ana Nangondo. Nangondo ankayang'ana mitambo. Anatseka thumba, kuliika m'bwato, kukankha, n'kumenya sailuti mpaka bwato linakhota.

Atafika kunyumba anazungulira kuseri. Gwero la mavuto onse a mayiko atatu linali litamangidwa kuchokera ku mpeyala mpaka pakona ya nyumba yawo, ndipo panali patayanikidwa malaya awo a ntchito ndi zitenje ziwiri.

"Nangondo, mukudziwa kuti mukusunga chigawenga?"

"Chingwe chatsopano, bambo a Lute, cha khonje weniweni. Tachotsani nsapato, ndakolopa."